MLIRI WA NG'OMBE, KASHEMBE NDI CHIRE LA KU LUANGWA

M'caka ca 1887 asilikari a dziko la Italy amene anali pa doko la Massawa, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, analandira ng'ombe zocokera kutsidya la nyanja kuti zikhale kamba wao wa pa nkhondo. Olemba mbiri ambiri akhulupirira kuti ng'ombezo zinacokera ku India. Pakati pa izo panali zina zodwala nthenda imene Azungu aicha rinderpest, ndiko kunena mliri wa ng'ombe. Nthendayi inali yodziwika kuyambira kalekale ku Ulaya ndi ku Asia, koma zoweta za kuno ku Afrika zinalibe mphamvu ya kuikaniza m'matupi mwao, ndipo inayenda pakati pa izo monga moto pa udzu wa mwezi wa October.

Kacirombo kocititsa mliriwu nkakang'ono koposa, ndipo ndi kapacibale ndi kaja kadwalitsa ana cikuku. Ng'ombe yogwidwa itentha thupi, nileka kudya. M'maso mutuluka manthongo, m'kamwa mubuka zironda, kenaka itsegula m'mimba kolimba, nifa asanathe masabata awiri. Munthu sadwala nthendayi ai, komatu munthu wodalira ng'ombe afa nayo mwa njira yina. Ku Ethiopia, kumene alima ndi ng'ombe, makasu a ng'ombe anangogona, ndipo njala yoopsa inakhala m'dzikomo kuyambira 1888 kufikira 1892. Amaasai a ku Kenya ndi Tanganyika, amene cakudya cao cinali mkaka ndi mwazi wa ng'ombe, anatha ambirimbiri. M'makola ambiri, pa ng'ombe 10 ziri zonse panatsala imodzi.

Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. M'caka ca 1892 mliri unafika ku malire a kumpoto a dziko limene tsopano lichedwa Zambia, ndipo Alfred Sharpe, amene anayenda ku nyanja ya Mweru caka comweco, anapeza mitembo ya nyama za m'thengo yosawerengeka iri ngundangunda. Unatsika ndi cigwa ca Luangwa. Mtsinje wa Zambezi unauchinga zaka zowerengeka, koma mu March 1896 unamveka ku Bulawayo, ndipo mu 1897 unali utalowa m'dziko la Cape, ngakhale Boma la kumeneko linamanga mpanda wa waya wautali, niliika alonda a mfuti. Kum'mwera kwa Zambezi kunafa ng'ombe ngati 2,500,000, ndipo ngolo za amalonda zinaima m'miseu popanda cozikoka.

Za ng'ombe zinalembedwa kwambiri, pakuti ng'ombe ziri ndi eni ace olira. Za nyama za m'chire panalibe wowerenga, koma kumeneko ndiko kunacitika cinthu cimene cinasintha maonekedwe a dziko. Mliri unasankha nyama za ziboda zogawanika: njati, nchefu, ngoma, nyumbu, mbawala, njiri ndi nguluwe. Njobvu, cipembere ndi mbidzi unazilambalala. Tsono kuti munthu amvetse zimene zinatsata, ayenera kuyamba wafunsa funso looneka ngati la cibwana: kodi mphamvu imene njati iyendera icokera kuti, ndipo njatiyo ikafa, mphamvuyo ipita kwa yani?

Maphunziro oyankha mafunso otere achedwa ecology, dzina limene Ernst Haeckel wa ku Germany anapeka mu 1866. Ndiwo maphunziro a kakhalidwe ka zamoyo pakati pa zinzao ndi pa malo pamene zikhala. Ciyambi ca zonse ndi dzuwa. Tsamba lobiriwira litenga kuwala kwa dzuwa, madzi a m'nthaka ndi mpweya, nilipanga cakudya. Palibe nyama yodziwa nchito imeneyi. Ndiponso zomera sizigwira kuwala konse: pa magawo 100 ogwera pa chire, zisunga ngati gawo limodzi lokha. Kagawo kameneko ndiko nkhokwe ya dziko lonse. Njati idya udzu, mkango udya njati, fisi ndi miimba zitsiriza zotsala. Charles Elton wa ku England analongosola mndandanda uwu wa wodya ndi wodyedwa m'buku lace la 1927, naonetsa kuti odya anzao akhala owerengeka nthawi zonse kuposa odyedwa. Cifukwa cace ceniceni cinaululidwa ndi mnyamata wa ku America, Raymond Lindeman, amene anatha zaka zingapo, pamodzi ndi mkazi wace, akubvuula matope ndi tizirombo m'kanyanja ka Cedar Bog ku Minnesota, napima zonse. Zolemba zace zinayamba zakanidwa ndi akulu a maphunziro, ndipo pamene zinasindikizidwa mu 1942 iye anali atamwalira kale, ali ndi zaka 26.

Cimene Lindeman anaonetsa ndi ici. Nyama ikadya, gawo lalikulu la mphamvu ya cakudyaco lithera m'kuyenda, m'kupuma ndi m'kufunditsa thupi, ndipo lina lituluka ndi ndowe. Cotsala m'mnofu, cimene wodya wotsatira angacipeze, cikhala ngati gawo limodzi mwa 10, kawirikawiri kucepera pamenepo. Ngati udzu wa dambo usunga mitanga 1,000 ya mphamvu, nyama zodya udzuwo zisunga mitanga yosapitirira 100, ndipo mikango isunga 10 kapena yocepa. Nci cifukwa cace mlenje aona njati mazanamazana asanaone mkango umodzi, ndiponso munda wa cimanga udyetsa anthu ambiri kuposa busa la ukulu womwewo. Mcere wa m'nthaka umene udzu unayamwa ubwerera pansi mwa ndowe, phulusa ndi zoola, nugwiranso nchito caka cinzace. Koma mphamvu siibwerera. Ingotayika ngati kutentha, ndipo dzuwa liyenera kutumiza yina tsiku ndi tsiku.

Udzu wa m'chire la kuno uli ndi pakamwa patatu poudya. Poyamba ndi nyama ndi zoweta. Paciwiri ndi ciswe, bowa ndi tizirombo toolera ta m'nthaka. Pacitatu ndi moto. Pakamwa pamodzi pakatsekeka, pena padya zambiri, pakuti udzu sudikira. Mliri wa 1892 unatseka pakamwa poyamba m'miyezi yowerengeka cabe.

Woyamba kumva njala anali kashembe. Nchenche iyi siidya cina ciri conse koma mwazi, yaimuna ndi yaikazi yomwe, motero m'mndandanda wa kudya iri pa mpando umodzi ndi mkango. Kaswedwe kace nkodabwitsa. Siiikira mazira ambiri monga nchenche ya m'nyumba. Ilera mphutsi imodzi m'mimba mwace, niibala patapita masiku ngati 10, pa nthaka yofewa ya pamthunzi, ndipo mphutsiyo ikumba pansi, nikhala momwemo ngati mwezi isanatuluke ndi mapiko. Cinthu coswana pang'onopang'ono cotere sicipirira njala. Cifuna zinthu ziwiri, mthunzi wa mitengo ndi nyama zoyamwa mwazi, ndipo nyama zimene cikonda koposa, njiri, ngoma, njati ndi mbawala, ndizo zomwe mliri unapulula. Kashembe anazimirira m'madera akuluakulu. Ku zigwa za Transvaal anatheratu, osabweranso. Ku Southern Rhodesia ndi ku Luangwa anatsala m'timalo tating'ono.

Pamenepa munthu akadaganiza kuti dziko lapeza mwai, pakuti kashembe ndiye anyamula kacirombo kopha ng'ombe, monga David Bruce anatsimikizira ku Zululand mu 1895. Koma zinayenda mwina. Njiri ndi nguluwe zibala ana ambiri, ndipo m'zaka zocepa nyama zinayamba kubwerera. Zitabwerera zinapeza dziko losinthika, popeza amene kale analikucepetsa chire anali atafoka, ndiwo anthu ndi zoweta zao.

John Ford, amene anagwira nchito ya kashembe zaka zambiri, analemba buku mu 1971 lonena kuti anthu a mu Afrika anadziwa kukhala moyandikana ndi nchencheyi popanda kugonja. Sanadziwe za kacirombo ka m'mwazi, koma anadziwa kumene ng'ombe zifa ndi kumene zikhala bwino. Kulima, kutema nkhuni ndi mirimo, kudyetsa ng'ombe ndi mbuzi zimene zibudula timitengo tisanakule, kuocha chire pa nyengo yoikika ndi mwini dziko, kucita uzimba ndi maukonde, agalu ndi mbuna: zonsezi zinali ngati linga losaoneka lozinga midzi. Mu 1977 Leroy Vail anafotokoza m'mene linga limeneli linagwera kum'mawa kwa Zambia.

Angoni a Mpezeni, ana a aja anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, anakhazikika pafupi ndi pamene pali Chipata lero ca m'ma 1870. Anamanga midzi yaikulu yothithikana, ndipo dziko lao linali loyera, lodzala ng'ombe. Sikuyenera kubisa kuti nkhondo zao zomwe zinasandutsa midzi yambiri ya Acewa ndi Ansenga mabwinja, anthu nathawira m'malinga ndi m'mapiri, kotero kuti chire losakhalamo munthu linalipo kale pakati pa mitundu. Koma pakati peni peni pa dziko la Mpezeni kashembe analibe pokhala. Mu January 1898 asilikari a Angerezi ocokera ku Nyasaland anathyola Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa, ndipo ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa. Midzi yaikulu inabalalika. Posacedwa unadza msonkho wa nyumba wa 3s., umene unatumiza amuna ambiri ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, ndipo nkhwangwa zinacepa m'midzi. Malamulo a nyama analetsa kusaka kwa makolo, mfuti ndi onga zinabvuta kupeza, koma njobvu ndi nguluwe sizinaleke kudya mapira a anthu.

Cinthu cacikulu koposa cinali nthaka. Kampani ya North Charterland inati dziko lalikulu masikweya mailosi 10,000 ndi lace, potsamira pa mapangano amene Carl Wiese ananena kuti anacita ndi Mpezeni. Mu 1928 Boma linadula malo ochedwa Native Reserves, ndipo anthu anasamutsidwa pa nthaka yabwino kuti ikhale ya alimi acizungu amene analikuyembekezeka. Alimiwo sanabwere ambiri, pakuti mtengo wa fodya unagwa nthawi yomweyo. Tsono taonani zinthu ziwiri zoyang'anana. Mbali yina anthu anapanikizana, nalima munda umodzi zaka ndi zaka osaugoneka tsala, mpaka nthaka inaguga, nikokoloka. Mbali yinayo minda yosiyidwa inamera zitsamba, zitsamba zinasanduka mitengo, nyama zinalowamo, ndipo pambuyo pa nyama panadza kashembe, amene anafika mpaka pa makola a m'malo opanikizana aja. Dzuwa linali lomwelo ndi mvula yomweyo, koma mphamvu imene kale inali kusanduka mapira, mkaka ndi ana a anthu tsopano inali kusanduka mitengo, njiri ndi nchenche. Mu 1941 Boma linagula dziko lotsala la kampaniyo, niliyamba kubwezeramo anthu, potsata miyeso ya William Allan, amene anawerengera kuti nthaka ya mtundu uli wonse ingathe kusunga anthu angati osaonongeka.

M'cigwa munali tsoka lina. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu watsopano wa kacirombo ka kaodzera m'mwazi wa Mzungu amene anadwalira ku Luangwa, nakacha dzina la Rhodesia. Mu 1912 Kinghorn ndi Yorke, akugwira nchito m'cigwa momwemo, anaonetsa kuti kashembe wa m'chire ndiye apatsira anthu nthendayi, ndi kuti nyama za m'thengo zisunga tizirombo totere m'mwazi mwao popanda kudwala.

Apa panabuka mkangano umene unakhala zaka 50. Ena, ndipo Bruce anali mmodzi wa iwo, anati mliri waonetsa kale njira: nyama zikatha, kashembe atha, tsono cimene nthenda inacita mwangozi, mfuti icite mwadala. Boma la Southern Rhodesia linayamba nchito imeneyi mu 1919, ndipo pofika ca m'ma 1950 alenje ace anali atapha nyama zoposa 500,000. Kum'mawa kwa Northern Rhodesia nakonso kunamangidwa mipanda, nyama zinaomberedwa, mitengo inagwetsedwa, ndipo pa miseu panaikidwa zipata pamene galimoto ndi njinga zinaimitsidwa kuti azicotse nchenche. Kunena zoona, m'madera ena kashembe anabwereradi m'mbuyo, ndipo anthu anaweta ng'ombe pamene kale sizikadakhala. Koma pambuyo pace akatswiri anapeza njira ya kupima mwazi wa m'mimba mwa kashembe ndi kudziwa nyama imene anayamwa, ndipo zinaoneka kuti mbidzi, nswala ndi nyumbu aziluma mwa kamodzikamodzi. Zikwi za nyama zinafera mlandu wa njiri, pamene njiri mwini wace, wogona ku una, anali wobvuta kumutha.

Mlandu uwu suli wa nzeru zokha, koma wa cilungamo. Wonena kuti nyama zonse zife cifukwa ca ng'ombe analakwa poyesa dziko ngati khola lace. Koma ambiri a iwo otetezera nyama m'masiku amenewo anali alenje olemera ofuna kuti nyama zisungidwire mfuti zao, ndipo sanagonepo m'cirindo usiku wa mvula kupirikitsa njobvu. Onse awiri sanafunse mwini munda. Mu 1949 linatuluka buku la Aldo Leopold wa ku America, munthu amene pa unyamata wace anapha mimbulu poganiza kuti athandiza agwape, naona pambuyo pace agwape ocuruka akudya mapiri mpaka kuyera. Iye anaphunzitsa kuti nthaka, madzi, zomera ndi nyama ziri ngati mudzi umodzi, ndipo munthu ndi mmodzi wa okhala m'mudzimo, wokhala ndi mangawa kwa anzace. Mkulu wa Cicewa sakadadabwa nazo kwambiri. Iye anadziwa kuti msitu wa kumanda sautema, kuti chire saliocha mwini dziko asanalole, ndi kuti nyanga ya njobvu yogona pansi ndi ya mfumu, ndiko kuti nyama ziri ndi woziyang'anira ndipo phindu lace lifika kwa anthu. Cinthu cofanana ndi ici cinayesedwa mu 1950, pamene Mfumu Nsefu ya Akunda, itapangana ndi Norman Carr, inapatula gawo la dziko lace kuti alendo azidzaona nyama, ndalama zolipira nizipita ku thumba la anthu ace. Malo amenewo anaphatikizidwa ku South Luangwa, ndipo South Luangwa ndi North Luangwa zinakhala mapaki a dziko mu 1972.

Umboni woonetsa bwino za pakamwa patatu paja unacokera ku Serengeti, m'dziko la Tanzania. Kumeneko mliri sunathe ndi zaka za 1890. Unakhalabe m'ng'ombe za m'midzi yozungulira, nulowa m'nyumbu caka ndi caka, kupha ana ace. Anthu anayesa kuti nyumbu ndizo zipatsira ng'ombe. Ca kumapeto kwa zaka za 1950 Walter Plowright, dotolo wa zinyama wogwira nchito ku Muguga m'dziko la Kenya, anakonza katemera wamphamvu, wochipa, woteteza ng'ombe moyo wace wonse. Anatemera ng'ombe zokha, palibe anagwira nyumbu ndi imodzi yomwe, koma nthenda inazimirira m'nyumbu zomwe. Zinadziwika tsono kuti ng'ombe ndizo zinali nkhokwe ya mliri. Nyumbu zimene zinali ngati 250,000 mu 1961 zinafika ngati 1,400,000 mu 1977. Mikango ndi afisi anacuruka. Udzu umene kale unali kuuma ndi kupsa tsopano unadyedwa uli wauwisi, moto wa lupsa unacepa, timitengo timene moto unali kupha tinakula, ndipo madera amene anali poyera anameranso mitengo. Jekeseni wobaya ng'ombe ya Mmaasai anameretsa mitengo pa mtunda wa mailosi ambiri kumene ng'ombeyo siinapondeko. Ku Luangwa mitengo inabwerera cifukwa nkhwangwa, khasu ndi zoweta zinacoka. Ku Serengeti inabwerera cifukwa odya udzu analanda moto cakudya cace. Wophunzira asafulumire kunena kuti cocitika kwina cidzacitika cimodzimodzi kwao.

Katemera wa Plowright, atakonzedwanso kuti apirire kutentha, anafika ku mabusa akutali a Sudan, Ethiopia ndi Somalia, kumene abusa eni ace anaphunzitsidwa kubaya. Mliri unaoneka komariza mu 2001 m'njati za ku Meru m'dziko la Kenya, ndipo mu 2011 unalengezedwa kuti watha pa dziko lonse lapansi, nthenda yaciwiri kutha cotero pambuyo pa nthomba. Plowright anamwalira mu 2010, caka cimodzi cilengezoco cisanacitike.

Kashembe ndiye sanathe. Kuyambira zaka za 1980 anayamba kumuchera ndi nsaru zakuda ndi zobiriwira ngati thambo, zonyikidwa m'mankhwala ndi kuikidwa fungo lofanana ndi mpweya wa ng'ombe, njira imene inakonzedwa ku Zimbabwe, yosafuna kupha nyama kapena kugwetsa mtengo. Pa mtunda wa kum'mawa kwa Zambia anthu anacuruka, minda inadya chire, ndipo nyama zazikulu zinatsala m'cigwa. Monga mwa ciphunzitso ca Bruce, nchencheyo ikadayenera kufa ndi njala. Koma pamene akatswiri anapima mwazi wa m'mimba mwa akashembe ogwidwa m'boma la Katete m'zaka za 1990, anapeza kuti pa anai ali onse, atatu anali atayamwa ng'ombe.